Kompyuta ya Mkazi Wanga Imamvera Mwamuna Wina

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 41, ndimakhala ku Kanakantapa m'boma la Chongwe. Makolo anga anachokera ku Katete, ndipo ine ndimalima chimanga, tomato ndi repu pamunda womwe anandisiyira. Sukulu ndinalekezera giredi naini. Mkazi wanga Eneless ndi mphunzitsi wa pulayimale, ndipo takhala m'banja zaka khumi ndi zitatu. Tili ndi ana awiri aakazi, Peace ndi Wendy. Maina onsewa ndawasintha. Mwina mudzaseka kuti munthu wamkulu angadwale mtima chifukwa cha maina a mafayilo a pa kompyuta, koma ndatha milungu itatu chakudya chisakundilowa, ndipo palibe amene ndingamuuze kuno.

Zaka zitatu zapitazo Eneless anagula kompyuta yakale kwa mnzake wa kuntchito amene ankasamukira ku Kafue. Anaiika pakona pabalaza, n'kuilumikiza ku TV ndi ku batire ya sola, poti za magetsi kuno mukuzidziwa. M'kompyutamo amasungamo masewero a pa TV aja a magawo ambirimbiri, a ku Nigeria, a ku Korea, ena a ku Turkey. Iye amaitcha seva. Chilichonse chomwe chili m'menemo timatha kuchionera pa TV kapena pa foni tili paliponse m'nyumba.

Vuto linali maina. Masewerowa amabwera pa fulashi, kachipangizo konyamulira mafayilo, kuchokera kwa abale ndi anzathu a kutchalitchi, ndipo aliyense amakhala atawatchula momwe wafunira. Lina lalembedwa "ep7 new", lina "Copy of 12", lina manambala okhaokha ngati a foni. Ukangotsegula mwachisawawa umapeza munthu amene anaikidwa m'manda dzulo lero akukwatira. Tsono ntchito yokonza mainawo inali ya ife awiri. Tikadya chamadzulo, ana akulemba za kusukulu, Eneless ankakhala pa kompyuta ine pa kampando pambali pake. Ankatsegula fayilo, tionere mphindi imodzi kapena ziwiri, ine n'kunena kuti ili ndi gawo la 14, chifukwa mlamu uja watuluka kale m'ndende koma tsitsi silinamere. Iye n'kulemba. Aphungu, pa zimenezi ndinali katswiri. Chingerezi changa n'chochepa, koma nkhope, zovala ndi zipsera sindiiwala. Eneless ankauza anzake kuti mwamuna wake ali ndi mutu woposa kompyuta. Ine ndinkakhala ngati sindinamve, chonsecho mumtima ndikukondwa.

Mu Febuluwale chaka chino hadi ya kompyutayo, chija chosungiramo zinthu, inayamba kulira ngati nkhululu. Eneless anaitengera ku boma kwa Mervin, amene ali ndi kashopu kokonza mafoni ndi makompyuta pafupi ndi msika. Mervin ndimamudziwa, ankaimba kwaya imodzi ndi Eneless asanasamukire ku boma. Ali ndi zaka ngati 35, sanakwatire, ndipo ndi munthu wovala malaya ositidwa ngakhale tsiku wamba. Anaika hadi yatsopano n'kusamutsiramo zonse. Ataona maina athu aja anati tikudzivutitsa chabe, ndipo anaikamo pulogalamu yomwe imakonza maina yokha. Umangoponya fayilo m'folda imodzi yomwe iwo amaitcha yolandirira. Bola dzina la sewero ndi nambala zioneke penapake, ngakhale zitalembedwa mokhotakhota, pulogalamuyo imafunsa pa intaneti, n'kulemba dzina loyenera, sizoni ndi gawo, monga S02E14, n'kuika fayilo pamalo pake, chithunzi chili pamwamba ngati m'shopu.

Mafayilo oposa mazana asanu ndi limodzi, omwe ife tinakhalira pansi miyezi, anakonzedwa masana amodzi. Eneless anatsika minibasi kompyuta ili m'chitenje, nkhope ikuwala. Anati, "Atate a Peace, onani, manje sitizavutika futi. Ba Mervin ni anzeru zoona." Ine ndinati zili bwino. Koma maina onse omwe tinalemba awirife anali atapita. Panali lina lomwe tinalitcha "Gawo 9 pomwe Wendy anataya tiyi", chifukwa tsiku lomwe tinkaonera mwanayo anagwetsa kapu ndi mantha. Linangosanduka S01E09.

Kuyambira pamenepo madzulo panalibe choti ine ndichite. Eneless ankangodina, sewero n'kuyamba. Kampando kanga anakatengera kukhitchini kuti aziikapo ndowa. Sanachite moipa, kanali kopanda ntchito, koma ine ndinaona.

Nthawi zina pulogalamuyo inkalephera. Fayilo ikakhala ndi manambala okhaokha inkangoisiya, kapena inkasokoneza sizoni yonse chifukwa cha gawo limodzi lapadera. Zikatero ine ndinkayembekeza kuti andiitana, poti ndikanangoonera mphindi imodzi n'kumuuza. Koma ankatenga foni n'kuimbira Mervin, ine ndili pomwepo. Ankalankhula mawu omwe sindiwadziwa, n'kumaseka. Kuseka kumeneko ndi komwe kunandilowa m'mafupa. Ndinayesa kukumbukira tsiku lomaliza lomwe anaseka choncho chifukwa cha chinthu chomwe ine ndanena, ndipo silinabwere msanga.

Tsiku lina mu Epulo ndinabwera kudimba n'kupeza Eneless ataima pakati pa balaza foni ili kukhutu, manja ake sali pa kompyuta, koma kamuvi kolozera zinthu pa kompyuta kakuyenda kokha pa TV, kakutsegula mafolda athu. Pakona pa TV panalembedwa dzina la Mervin. Ndinafunsa, ndipo anandifotokozera kuti Mervin amatha kulowa m'kompyuta yathu ali ku boma, kudzera pa intaneti, kuti akonze chomwe chavuta. Aphungu, ndinamva ngati ndapeza nsapato za mwamuna wina pakhomo la kuchipinda. Nditanena kuti sindikukondwa nazo anandiyankha kuti, "Ni nchito chabe. Mufuna nizikwela minibasi na kompyuta pamutu sabata iliyonse?"

Ndivomere kuti ndinayamba kuyang'ana m'foni mwake akamasamba. Foni yake sakiya. Mauthenga a Mervin anali a mafayilo okhaokha, iye akulemba kuti S03E07 sikuoneka, Mervin akuyankha kuti ayesenso tsopano, iye n'kuthokoza. Mukanaganiza kuti mtima wanga unakhala pansi. Ayi. Ndinayamba kuganiza kuti manambalawo ndi chinenero chawo chobisa, kuti mwina S03E07 ndi tsiku ndi ola lokumana. Ndinafika poyang'ana pa kalendala ngati pa 3 kapena pa 7 anapita ku boma. Ndikulemba izi ndikuchita manyazi.

Tsopano ndifike pa chomwe ndinachita. Linali Lachiwiri lomaliza la Meyi. Eneless ndi ana anali kusukulu. Ndinabwera kothirira tomato cha m'ma teni, ndipo ndinayatsa kompyuta. Zochepa ndimadziwa, poti ndinaonerera zaka zitatu. Ndinkafuna kuonetsa Eneless kuti pulogalamu ya Mervin ndi chitsiru chosasiyanitsa munthu ndi munthu. M'kompyutamo muli folda ya zinthu za banja. Munali vidiyo ya apongozi anga, amayi ake a Eneless, amene anamwalira chaka chatha mu Juni. Inajambulidwa pano pakhomo tsiku la ubatizo wa Wendy. Apongozi akuimba, akuvina, kenaka akukhala pamkeka n'kumalangiza ana awo aakazi, akuseka okha. Ndinasankha imeneyo chifukwa inali yaitali ngati gawo la sewero. Ndinaisintha dzina, n'kulemba la sewero lina la ku Korea ndi nambala 5, kenaka ndinaikokera m'folda yolandirira. Maganizo anga anali oti madzulo tikayatsa TV padzaoneka chithunzi cha mtsikana wa ku Korea, tikadina n'kutuluka apongozi akuvina, ine n'kunena kuti mwaona nzeru za anzanu aja.

Ndinkaganiza kuti ndikukopera, kuti ina itsala pamalo pake. Sindinkadziwa kuti kukoka kotero n'kusamutsa. Pulogalamuyo inailandira, inaona kuti gawo 5 la sewerolo lilipo kale, looneka bwino kuposa vidiyo yathu yojambulidwa pa foni, ndipo Mervin anali ataiuza kuti ikapeza awiri ofanana izifufuta losaoneka bwinolo kuti malo asadzaze. Izi ndinazimva pambuyo pake. Chomwe ndinaona nthawiyo n'choti vidiyo yazimiririka ndikuyang'ana. Ndinafunafuna m'folda iliyonse mpaka malaya ananyowa thukuta. Ndinasiya kompyuta momwe ndinaipezera n'kubwerera kudimba, ndipo madzulo tinaonera sewero ngati palibe chachitika.

Panapita masiku khumi ndi awiri. Lamlungu lomwe apongozi anakwanitsa chaka chimwalirire, mlamu wanga Juliet, mng'ono wake wa Eneless, anabwera kuchokera ku Kasisi kuti tikachoka kutchalitchi aonere limodzi vidiyo ya amayi awo. Ndinadziwa kuyambira m'mawa chomwe chikubwera. Eneless anatsegula folda, anafufuza, anazimitsa n'kuyatsanso. Kenaka anakhala pansi pasimenti, manja ali pamutu. Juliet anayang'ana m'foni mwake, koma foni yomwe anajambulira tsiku lija inabedwa kalekale pa siteshoni ku Lusaka. Eneless anaimbira Mervin. M'zaka khumi ndi zitatu sindinamumvepo akulankhula ndi munthu motero. Anati, "Munanilonjeza kuti vinthu va banja sivizagwiliwa. Amai wanga mwanipaila kawili." Ankatanthauza kuti wamuphera amayi ake kachiwiri. Ine ndinali nditaima pakhomo. Ndikanatha kulankhula pomwepo. M'malo mwake ndinati, "Ine ninakamba kuti makina aya si ya kuyakhulupilila." Ndipo Mulungu andikhululukire, kwa kanthawi kochepa ndinamva kukoma kumuona akukalipira mwamuna ameneyo.

Loweruka lotsatira Mervin anatseka shopu n'kubwera, minibasi kenaka njinga yamoto, malaya aja ali mbuu ndi fumbi. Anakhala pa kompyuta maola anayi. Eneless sanamupatse ngakhale madzi, anamupatsa ndi Peace. Ine ndinakhala pampando kumbuyo kwake. Ndinamuona akutsegula tsamba la mizere yambirimbiri ya zolemba. Anawerenga, anaima, anawerenganso, kenaka anacheuka n'kundiyang'ana kamodzi kokha. Atatha anauza Eneless kuti vidiyo sanaipeze, kuti iye analakwa posatchinga folda ya banja ndiponso polola pulogalamu kufufuta zinthu m'malo moziika pambali, ndipo anapepesa atagwira chipewa m'manja. Anati tizimitse kompyuta, tisaikemo chilichonse, mwina akatswiri a ku Lusaka angayese. Eneless anangolowa kuchipinda.

Ndinamuperekeza kumsewu. Titafika pafupi ndi dimba anaima n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ba mudala, pulogalamu ija imalemba vonse vamene yachita, na nthawi yake. Fayilo inachinjiwa zina pa Chiwili, 10:40, na munthu wamene anali pa kompyuta mu nyumba. Ba madamu banali ku sukulu. Ine sinizakamba. Koma ni bwino bamvele kuli imwe." Njinga yamoto inabwera, iye n'kukwera.

Kuyambira tsikulo kompyuta ili chizimire, yafundidwa chitenje. Eneless anafufuta nambala ya Mervin. Kwa ine wafewa kuposa kale. Amandipakulira ndiwo yekha, amandifunsa za tomato, ndipo tsiku lina anandigwira paphewa n'kunena kuti ndinkanena zoona, tikanangopitiriza kulemba maina tokha ngati kale. Ndi mawu omwe ndinkawafuna miyezi inayi. Koma mawuwo atatuluka anandiwotcha ngati phala. Nthawi zina ndimamupeza akuyesa kukumbukira nyimbo yomwe amayi ake ankaimba pamkeka paja, n'kumakakamira pa mzere wachitatu.

Koma Aphungu, nsanje ija sinathe, yangosintha malo. Ndimadzifunsa kuti mwamuna angasenze bwanji mlandu wosakhala wake chifukwa cha mkazi wa mwini, ngati sakumukonda? Kodi sakufuna kuti Eneless asweke mtima chifukwa amamuganizira kuposa momwe ndikudziwira? Kapena akusunga nkhaniyi kuti adzaitulutse tsiku lomwe wasankha yekha, iye aoneke woyera ine ndioneke nyama? Eneless akati akupita ku boma kukagula zinthu, pobwera ndimayang'ana nkhope yake akutsika minibasi kuti ndione ngati wamva.

Ndichite chiyani? Ndikaulula ndikuopa kuti apita kwa Juliet osabweranso. Ndikakhala chete, banja langa lili m'thumba la Mervin. Kodi ndipite ndikamuchenjeze kuti atalikirane ndi mkazi wanga? Ndithandizeni.

K.Z., Kanakantapa, Chongwe

A K.Z.,

Sindinaseke. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo kachiwiriko ndinkafunafuna chomwe Eneless walakwa. Sindinachipeze. Mkazi wobisa chibwenzi saimba foni mwamuna wake ali pomwepo, sasiya foni yosakiya akamakasamba, ndipo salola dzina la chibwenzicho kuoneka pa TV ya pabalaza. S03E07 ndi sizoni yachitatu, gawo lachisanu ndi chiwiri. Inunso mukudziwa.

Chomwe munataya chilipo, ndipo sindikuchichepetsa. Munali ndi malo pambali pa mkazi wanu, munali ndi luso lomwe ankakutamani nalo kwa anzake, ndipo zonsezo zinachoka masana amodzi popanda wokufunsani. Zimenezo zimapweteka mwamuna aliyense, makamaka amene amadziona kuti sukulu yake ndi yochepa poyerekeza ndi ya mkazi wake. Koma tsiku lomwe anabwera ndi kompyuta munati zili bwino. Eneless anakukhulupirirani. Iye ankaganiza kuti wakupumulitsani ntchito. Mukanati, "Amake Peace, ine ndinkakonda kukhala nanu pamenepo," nkhani ikanathera pa kampando, ndipo vidiyo ya apongozi anu ikanakhalapo lero.

Za Mervin: mtima wake sindingauone, ndipo inunso simungauone. Ndingathe kuona zomwe wachita. Anabwera masana, inu mulipo. Anavomera mbali yomwe inalidi yake, chifukwa pulogalamu yofufuta zinthu osafunsa ndi msampha, ndipo anautchera ndi iye. Mbali yanu anakusiyirani, ndipo anakuuzani maso ndi maso kuti mukanene nokha. Munthu wofuna mkazi wanu akanangotembenuza kompyuta kuti Eneless awerenge tsiku ndi ola, ntchito n'kuthera pomwepo. Musapite kukamuchenjeza. Mukamuchenjeza za chiyani? Ndipo dziwani kuti kukhala chete kwanu akulipira ndi iye. Chongwe ndi tawuni yaing'ono. Aphunzitsi amacheza, Juliet wakauza a ku Kasisi, ndipo wokonza makompyuta akatchuka kuti amataya zithunzi za maliro ndi maukwati, anthu amalambalala shopu yake. Dzina lomwe likudetsedwalo ndi lomwe amadyera.

Mukunena kuti banja lanu lili m'thumba la Mervin. Mwaliikamo ndi inu, ndipo mungalitulutse Loweruka lino.

Uzani Eneless. Sankhani masana, ana atapita kwina, musakhale pa msewu kapena pamaso pa alendo. Yambani ndi chomwe munachita, osati chomwe chinakupangitsani. Nenani tsiku, nenani kuti munasintha dzina ndi dzanja lanu, nenani kuti munaona vidiyo ikuzimiririka n'kukhala chete masiku khumi ndi awiri. Nenaninso zija zovuta kwambiri: kuti munaima pakhomo iye akulira n'kuponyera mlandu pa makina, ndiponso kuti munkayang'ana m'foni mwake. Musasiyeko kanthu kuti adzakamve chaka chamawa. Mawu oti "koma" asatuluke, ndipo dzina la Mervin lisatchulidwe ngati chifukwa. Akadzafunsa yekha kuti munachitiranji, pamenepo ndiye mumuuze za nsanje ndi za madzulo aja omwe munkawasowa.

Adzakwiya, ndipo ali ndi ufulu. Mwina adzapitadi kwa Juliet. Msiyeni apite, musamutsekereze pakhomo, musatumize anthu tsiku lomwelo kukamunyengerera. Samalani ana, perekani moni tsiku ndi tsiku osakakamiza yankho. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri zisakusintha, itanani ankhoswe, ndipo muwauze nkhani yonse inu mwini, kuti asapite kukamuuza Eneless kuti apirire pa chinthu chomwe iwo sakuchidziwa. Sindingakulonjezeni kuti adzabwera msanga. Koma zaka khumi ndi zitatu sizitha kawirikawiri chifukwa cha munthu wobwera yekha kudzavomera. Zimatha chifukwa cha wogwidwa.

Mukatero, kwerani minibasi mupite ku shopu ya Mervin mukapepese, ndipo muuzenso Juliet, poti iye anamva mlamu wake akunamizira makina. Kumene bodza linafika, choonadi chifikenso.

Tsopano za vidiyo. Ndafunsa mayi amene amasamalira makompyuta kuno kuntchito, ndipo akuti Mervin anakuuzani zoona: kompyuta ikhale chizimire. Chinthu chofufutidwa nthawi zambiri chimakhalabe m'hadi mpaka china chitalembedwa pamalo pake. Yanu inagwira ntchito masiku angapo zitachitika, choncho mwayi wachepa, koma sunatheretu. Tengerani hadiyo kwa anthu a ku Lusaka amene ntchito yawo ndi yobweza zofufutika. Apa mpomwe kuulula kwanu kukufunikanso, chifukwa iwo akafunafuna dzina lakale la vidiyo angabwerere manja ali zii. Ayenera kudziwa dzina lomwe inu munaipatsa ndi folda yomwe munaiponyamo. Funsaninso komwe kuli hadi yakale ija inkalira. Mwina inafa, n'chifukwa chake Mervin sanaitchule, koma akatswiri nthawi zina amatulutsa zinthu m'hadi yakufa. Ndipo musaiwale anthu. Vidiyo inachoka m'foni ya Juliet n'kufika m'kompyuta yanu, ndiye kuti inayendapo. Ndani wina anatumiziridwa? Azakhali a ku Katete, amalume, anzawo a apongozi a m'bungwe la amayi kutchalitchi? Pa ubatizo sipajambula munthu mmodzi. Imbirani aliyense amene analipo, apisepise m'mafoni akale ndi m'timakadi tosungira zithunzi tomwe tili m'madirowa. Ntchito imeneyi ikhale yanu, ndipo muigwire ngakhale Eneless asakukulankhulani. Ngakhale mutapeza mphindi ziwiri zokha za apongozi akuimba, kwa mkazi wanu n'zambiri.

Kompyuta ikadzayatsidwanso, pulogalamuyo musaitaye, ilibe mlandu. Imachita zomwe yauzidwa, ndipo imapulumutsadi nthawi. Koma zinthu za banja zikhale kutali ndi folda yomwe imagwiramo, ndipo zikoperedwe pawiri, china chikasungidwe pa fulashi kwa Juliet. Aiuze kuti isamafufute kanthu, iziika pambali chomwe yachikayikira mpaka munthu ataona. Za kulowa m'kompyuta ali kutali, kaya ndi Mervin kaya wina, mugwirizane nonse awiri kuti khomolo lizitsegulidwa pokhapokha mwamuitana, likatha vuto litsekedwe. Umenewo ndi ukhondo wa m'nyumba iliyonse, si chilango cha munthu. Inunso phunzirani kusiyana kwa kukopera ndi kusamutsa, ndi zina zonse zomwe munkangozionerera. Munthu wodziwa nthawi yothira feteleza ndi yopopera tomato sangalephere zimenezi. Mwanena nokha kuti pali mafayilo omwe pulogalamu imawalephera. Amenewo akufuna maso anu. Koma ntchitoyo mudzaipemphe kaye kwa Eneless, ndipo osati mwezi uno.

Chenjezo langa ndi ili. Mtima udzakuuzani kuti mudikire kaye, mufunefune vidiyo mwakachetechete, kuti mukadzaulula nkhani idzakhale itapepuka. Musaumvere. Vidiyo ikapezeka musanalankhule, simudzalankhulanso. Mudzakalamba mukuopa mwamuna amene sanakulakwireni, ndipo chikondi chilichonse chomwe Eneless adzakuonetsani mudzachilandira mukudziwa kuti akukupatsani chifukwa sakudziwa. Muuzeni sabata ino.

Aphungu